Tifunseni: Madzi a suweji ayere kufika pati asanathiridwe mu Shire?

Makalata amene tasankha mwezi uno onse achokera m'boma la Mangochi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 50,000 m'tawuni ya Mangochi mokha, ndipo ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba kapena zamadzi zothira m'maseptiki thanki. Pamene nyumba, masukulu ndi malo ogona alendo zikuchuluka, nkhani yomanga kapena kukulitsa malo oyeretsera madzi a suweji siingapeweke, ndipo madzi otuluka kumeneko alibe kwina kothera koma mu Shire ndi ku nyanja ya Malombe. Makalatawa tawafupikitsa.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndili m'komiti ya chitukuko ya m'dera lathu. Pa msonkhano wina katswiri anatiuza kuti malo oyeretsera suweji akakhala aakulu, madzi otulukamo amakwanira mlingo wa boma. Anatchula BOD ndi manambala ena, ife n'kumangogwedeza mitu. Kodi mlingo umenewu amaika ndani, ndipo manambalawo akunena chiyani? — Bambo wa ku Mpondasi

YANKHO: Zikomo bambo. Mabungwe a boma amene ali ndi mawu pa nkhaniyi ndi atatu, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa kuti mudziwe kokagogoda. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limalemba milingo: MS 691 imanena za madzi a suweji ya m'nyumba othiridwa m'mitsinje ndi m'nyanja, pamene MS 539 imanena za madzi ochokera m'mafakitale. Bungwe la National Water Resources Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la 2013, ndilo limapereka chilolezo chothira madzi oterewa mu mtsinje, ndipo chilolezocho chimakhala ndi zoyenera kutsata. Lachitatu ndi Malawi Environment Protection Authority, lochokera m'lamulo la zachilengedwe la 2017, limene limaunika lipoti lofotokoza mmene ntchito yaikulu idzakhudzire chilengedwe ndi anthu ntchitoyo isanayambe. Khonsolo, kapena bungwe lililonse loyendetsa malo oyeretserawo, ndi lopempha chilolezo, osati lodzipatsa lokha.

Tsopano za BOD. Zonyansa zikalowa m'madzi zimaola, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timazioletsa timapuma mpweya wa okosijeni wa m'madzimo, womwewo umene nsomba zimadalira. A ku labotale amatunga madzi, n'kuwatsekera m'botolo mumdima kwa masiku 5 pa kutentha kwa madigiri 20, kenako n'kuyeza kuti mpweya watha wochuluka bwanji pa lita imodzi. Nambala imeneyo ndiyo BOD. Suweji ya m'nyumba isanayeretsedwe imakhala ndi BOD ya pakati pa mamiligalamu 200 ndi 400 pa lita, pamene mlingo wathu wa madzi otuluka ndi 20. Kuti muone kukula kwa manambalawa, dziwani kuti madzi a mu mtsinje otentha madigiri 30 sangasunge mpweya woposa mamiligalamu 8 pa lita, ngakhale atakhala oyera chotani. Lita imodzi ya suweji yosayeretsedwa ikhoza kumaliza mpweya wonse wa m'malita 30 kapena kuposerapo a madzi abwino.

Manambala ena awiri amene ayenera kuti anatchula ndi 30 ndi 60. Woyambayo ndi mamiligalamu pa lita a tinthu toyandama timene timatsala pa sefa madzi akasefedwa. Wachiwiriyo ndi COD, muyeso winanso wa mpweya umene zonyansa zingamalize, imene imayezedwa ndi mankhwala m'maola ochepa, ndipo imagwira ngakhale zinthu zimene tizilombo timalephera kuoletsa.

Manambala a 20 ndi 30 sanabadwire kuno. Anachokera ku komiti imene boma la Britain linaika kuti ifufuze za suweji, ndipo inawalemba m'lipoti lake la 1912, poganizira mitsinje yozizira ya kumeneko, ndiponso potengera kuti madzi otulukawo adzasakanizika ndi madzi a mu mtsinje ochuluka kuwaposa ka 8. Mlingowo ndi wabwino, ndipo malo oyeretsera amene amaukwanitsa chaka chonse ndi oyenera kuyamikiridwa. Koma suyankha mafunso onse, monga muonere m'makalata otsatirawa. Katswiri akadzanenanso kuti madzi adzakwanira mlingo, mudzamufunse kuti akunena mlingo wa chiyani, woyezedwa kangati, ndipo adzayeza ndani.

FUNSO: Ndine msodzi ndipo ndakhala m'komiti ya padoko lathu. Anzanga akuti Shire ndi wamkulu, chilichonse chothiridwamo chimasungunuka chisanafike kwa ife. Ine mtima ukukana. Ngati malo oyeretsera awakulitsa koma mlingo n'kukhala womwewo, kodi ife a ku Malombe tili pabwino? — Msodzi wa kwa Chimwala

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akunena zoona pang'ono, ndipo inu mukunena zoona zambiri. Tiyambe ndi zawozo. M'zaka zabwinobwino Shire amatulutsa m'nyanja ya Malawi makiyubiki mita mazana angapo a madzi pa sekondi iliyonse, pamene suweji ya tawuni ngati Mangochi ingakhale makiyubiki mita masauzande ochepa pa tsiku lathunthu. Tikanena za BOD yokha, pakatikati pa mtsinje mpweya sungathe chifukwa cha madzi oyeretsedwa bwino a tawuni imodzi. Amene angakuuzeni kuti chambo chinatha ku Malombe chifukwa cha suweji akunama, pakuti chimene chinagwetsa usodzi wa chambo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali kupha nsomba mopitirira muyezo ndi makoka a maso ang'onoang'ono amene ankakokololanso udzu wa pansi pa nyanja pobisala tiana ta nsomba. Makomiti a m'madoko ngati yanuyo anayamba mu 1993 chifukwa cha vuto limenelo.

Pamene mtima wanu ukukana ndi apa. Mlingo wa mamiligalamu pa lita umanena za kuyera kwa lita imodzi, sunena za kuchuluka kwa malitawo. Tiyerekeze kuti malo oyeretsera amatulutsa makiyubiki mita 1,000 pa tsiku pa BOD ya 20. Ndiye kuti mtsinje ukulandira makilogalamu 20 pa tsiku. Akakulitsidwa n'kumatulutsa makiyubiki mita 4,000 pa mlingo womwewo, mtsinje ulandira makilogalamu 80. Lipoti la ku labotale lidzaoneka chimodzimodzi, lamulo silidzaphwanyidwa, koma katundu amene mtsinje wasenza wachuluka kanayi. N'chifukwa chake m'mayiko ena chilolezo chokulitsa malo oyeretsera chimalemba zonse ziwiri, mamiligalamu pa lita ndi makilogalamu pa tsiku, ndipo nthawi zina chimanena kuti ngati madzi achuluka kawiri, ayerenso kawiri kuti katundu asasinthe. Ife tikuona kuti chilolezo chilichonse cha pa gawo ili la Shire chiyenera kulembedwa motero.

Chachiwiri, madzi otuluka mu paipi sasakanizika ndi mtsinje wonse pompo. Amayenda chotsamira gombe kwa mtunda ndithu, ndipo m'mphepetemo ndi mmene amayi amachapa, ana amasamba, mabwato amakocheza ndiponso tiana ta nsomba timakulira. Choncho funso lakuti paipi yathera pati, m'mbali kapena pakati pamene madzi akuthamanga, kumtunda kapena kumunsi kwa pamene anthu amatunga madzi, ndi lalikulu mofanana ndi nambala ya ku labotale.

Chachitatu ndi Malombe mwini wake. Shire akangodutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi sayenda mtunda wautali asanalowe m'nyanja imeneyi, imene ndi ya makilomita pafupifupi 30 m'litali koma ndi yosaya, ya mamita ochepa okha. Madzi akafika mmenemo amachepetsa liwiro, ndipo zimene anyamula zimadikha. BOD imaola n'kutha, koma fosifolasi ndi nayitirojeni, michere yomwe ija yolembedwa pa thumba la feteleza wa NPK, siitha chomwecho. Munthu mmodzi amatulutsa pafupifupi galamu imodzi kapena awiri a fosifolasi pa tsiku, ndiye anthu 50,000 onse atalumikizidwa ku mapaipi, malo oyeretsera angalandire makilogalamu 50 mpaka 100 tsiku lililonse, ndipo madamu wamba oyeretsera suweji amachotsa gawo chabe. Michere imeneyi ikachuluka m'madzi odikha ndi ofunda, ndere zimaphuka, namasupuni amakondwa. Masana ndere zimatulutsa mpweya, koma usiku zimaupuma, ndipo zikafa zimaola, moti m'bandakucha wa tsiku lotentha lopanda mphepo nsomba za m'timagombe tobisika zikhoza kusowa mpweya. Namasupuni naye sakhala malo amodzi. Zomera zoyandama zimatsetserekera ku Liwonde, kumene amazichotsa m'madzi pafupi ndi Kamuzu Barrage kuti zisakatseke makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndi zoona kuti michere yambiri yolowa mu Shire imabwera ndi dothi lokokoloka m'minda, koma dothilo limabwera ndi mvula, pamene paipi ya suweji imathira tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala madzi atatentha ndi kuchepa. Mayiko a mu European Union, m'lamulo lawo la 1991, anaika malire a mamiligalamu 2 a fosifolasi ndi 15 a nayitirojeni pa lita kwa matawuni a anthu 10,000 mpaka 100,000 amene amathira m'madzi osachedwa kuphuka ndere. Sitikunena kuti titengere manambala awo, koma nzeru yakuti mlingo uzitengera madzi olandirawo ndi yofunika kuno.

Palinso amoniya, wochokera makamaka mu mkodzo. Mphamvu yake yopha nsomba imakula madzi akamatentha ndiponso pH ikamakwera (pH ndi nambala yosonyeza asidi wa m'madzi: ikakwera ndiye kuti asidi wachepa). Pa madigiri 25, gawo loopsalo limakhala pafupifupi 5 pa 100 pamene pH ili 8, koma limaposa 30 pa 100 pamene pH yafika 9. Madzi a nyanja yathu amakhala kale ndi pH ya 8 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo madzi otuluka m'madamu a ndere masana amakwera kuposa pamenepo.

Pomaliza, anzanuwo asamawerengere kuti Shire adzakhala wodzaza mpaka kale. Kuyambira cha mu 1915, kwa zaka pafupifupi 20, nyanja ya Malawi inatsika moti mtsinjewu unaleka kutuluka m'nyanjamo, ndipo ambiri tikukumbukira kuzimazima kwa magetsi kwa 2016 ndi 2017 madzi atachepa. Malo oyeretsera amamangidwa kuti agwire ntchito zaka 20 kapena 30, choncho malire ake aziwerengedwa potengera chaka cha chilala, osati chaka cha madzi ambiri.

FUNSO: Kolera anatipweteka kwambiri kuno. Kodi madzi akakwanira mlingo ndiye kuti mulibe matenda? Ndipo kodi m'malo mowataya mu mtsinje, sangatipatse ife a madimba kuti tizithirira masamba? — Mayi wa ku Namiasi

YANKHO: Pepani mayi ndi zimene munaziona. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti ayi. BOD siyeza majeremusi. Madzi akhoza kukhala ombeeka, osanunkha, a BOD yotsika, koma ali ndi majeremusi okwanira kudwalitsa mudzi. Pofuna kudziwa za matenda, a labotale amawerenga mabakiteriya a m'matumbo, monga E. coli, pa mamililita 100 a madzi. Mu suweji yosayeretsedwa amakhala mamiliyoni. Makina amakono amagetsi, amene amasunga madzi kwa maola okha, amachotsa BOD bwino kwambiri koma amasiya mabakiteriya ambirimbiri, pokhapokha ngati kumapeto kwake athira klorini kapena adutsitsa madziwo pa nyali zopha majeremusi. Klorini ndi wogula, nyali zimafuna magetsi osazima, ndipo nonse mukudziwa mmene zinthu ziwirizi zimavutira.

Apa ndi pamene madamu, ngati amene ali kwa Kauma ku Lilongwe, amaposa makina. Madzi amayamba alowa m'damu lakuya mmene zolemera zimadikha n'kuola popanda mpweya, kenako m'damu lotambalala mmene ndere ndi tizilombo timathandizana, ndipo amamaliza m'madamu osaya, a mita imodzi kapena kuposa pang'ono, mmene dzuwa ndi kukwera kwa pH zimapha majeremusi. Ulendo wonse umatenga masabata angapo. Kutentha kwa Mangochi, kumene timadandaula nako, ndi mwayi pa ntchito imeneyi. Vuto lake ndi malo, pakuti madamu amafuna mahekitala, ndipo pokulitsa pamakhala chiyeso chowonjezera mapaipi olowa popanda kuwonjezera madamu omalizawo. Zikatero madzi amakhala masiku ochepa, ndipo chimene chimayamba kulephereka ndi kupha majeremusi, BOD ikadaoneka bwino. Malire a mabakiteriya akapanda kulembedwa m'chilolezo, palibe angaone kuti zinthu zasokonekera.

Za madimbazo, n'zotheka ndithu, ndipo ndi njira yabwino yochepetsera michere yopita ku Malombe, chifukwa fosifolasi ndi nayitirojeni zimene zimavutitsa nyanja ndi chakudya cha mbewu. Malangizo a bungwe la World Health Organization a 1989 ananena kuti madzi othirira masamba odyedwa osaphika asapose mabakiteriya 1,000 pa mamililita 100, ndiponso asapose dzira limodzi la njoka za m'mimba pa lita. Mu 2006 bungweli linawonjezera kuti chitetezo chisadalire kuyeretsa kokha: kuthirira m'mizere osati pamwamba pa masamba, kusiya kuthirira masiku angapo musanathyole, kuvala nsapato za jombo, kutsuka ndi kuphika ndiwo. Chimanga, nthochi, mitengo ndi msipu ndi zoyamba kuganiziridwa, pamene letesi ndi tomato wa saladi adikire mpaka zotsatira za ku labotale zitaoneka kwa miyezi yambiri. Chimene musachite ndi kuboola paipi kapena kupatutsa madzi a m'damu loyamba. Matope a pansi pa madamu nawonso asatengedwe ngati manyowa asanaume kwa nthawi yaitali, chifukwa ndi mmene mazira a njoka za m'mimba amadikha, ndipo amakhala ndi moyo miyezi yambiri.

FUNSO: Pa sukulu ina yogonera konko ndinaona madzi otuluka m'damu lomaliza ali obiriwira. Kodi si umboni wakuti damulo lalephera? — Mphunzitsi wa ku Malindi

YANKHO: Ayi aphunzitsi, kubiriwirako nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti damu lili moyo. Oopsa ndi madzi akuda kapena otuwa, onunkha ngati dzira lovunda, kapena ofiirira, pakuti amenewo amasonyeza kuti damu lalemedwa. Komabe ndere zimavutitsa poyeza, chifukwa zimawerengedwa ngati tinthu toyandama ndipo zimakweza BOD, moti damu labwinobwino likhoza kulephera mlingo wa 30. Lamulo la ku Ulaya tatchula lija limalola kuti madzi a m'madamu asefedwe asanayezedwe BOD, bola tinthu toyandama tisapose mamiligalamu 150 pa lita. Ife sitingakondwe ndi chilolezo chotere pa madzi opita ku Malombe, popeza nderezo zanyamula michere yomweyo. Njira yabwino ndi kudutsitsa madziwo pa miyala kapena pa dambo lochita kubzala bango asanafike ku mtsinje.

FUNSO: Milingo tikuimva, koma ndani amaonetsetsa kuti ikutsatidwa? Ife anthu wamba tingachitepo chiyani? — Wogulitsa nsomba mu msika wa Mangochi

YANKHO: Mwafunsa pamene pali bala. M'dziko muno milingo ilipo, koma aliyense amene anaimapo m'mbali mwa mtsinje wa Mudi ku Blantyre m'chilimwe akudziwa kuti pepala lokha siliyeretsa madzi. Malo oyeretsera ambiri salephera chifukwa cha pulani yolakwika, koma chifukwa pampu yafa, matope sanachotsedwe kwa zaka zambiri, kapena ndalama zogulira mankhwala a ku labotale zinapita kwina. Mwini chilolezo amayenera kuyeza madzi ake ndi kupereka zotsatira, ndipo opereka chilolezo ali ndi mphamvu yobwera kudzatunga okha. Koma botolo limodzi lotungidwa m'mawa wa tsiku lodziwika kale silinena zambiri, chifukwa madzi a suweji amasintha ndi ola, tsiku ndi nyengo.

Mpata wanu waukulu uli pa misonkhano imene imachitika polemba lipoti la zachilengedwe lija, pakuti olemba lipotilo amayenera kumva maganizo a anthu okhudzidwa. Pitani ndi a khansala, mafumu ndi makomiti a m'madoko, ndipo pemphani kuti zimene mwanena zilembedwe. Funsani kuti makilogalamu a BOD, amoniya ndi fosifolasi olowa mu mtsinje pa tsiku adzakhala angati malowo akadzadzaza, osati chaka choyamba chokha. Funsani kuti madzi a mu mtsinje ayezedwe kumtunda ndi kumunsi kwa paipi ntchito isanayambe, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, chifukwa popanda manambala oyambirawo simudzatha kusonyeza kuti china chake chasintha. Funsaninso za magalimoto opopa maseptiki thanki ndi zimbudzi. Zimene amabweretsa ndi zamphamvu kwambiri kuposa suweji ya m'mapaipi, ndipo m'tawuni imene nyumba zambiri sizinalumikizidwe, magalimoto ochepa otsanulira m'damu limene silinawerengeredwe katundu wotere akhoza kuliwononga, choncho pafunika pouma matopewo paokha.

Za malo omangapo musazisiye kwa akatswiri okha. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kufika pamene anthu ambiri sanaonepo, ndipo nyumba ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire zinalowa madzi. Damu lomira limatulutsa zonse zili mkati mwake tsiku limodzi, ndipo palibe nambala ya m'chilolezo imene ingaletse zimenezo. Dziko la m'tawuni ya Mangochi ndi lachidikha, m'malo ambiri madzi apansi ali pafupi, kotero m'mbali mwa madamu muyenera kukwezedwa kupitirira pamene madzi anafika chaka chimenecho, ndipo pansi pake payalidwe dongo lotsendereka kapena pulasitiki yochindikala kuti zitsime ndi mijigo yoyandikana zisalandire zodontha. Pemphaninso kuti m'chilolezo mulembedwe zoti zotsatira za mwezi uliwonse zizimatidwa pa bolodi la ku khonsolo, tsiku lotungira madzi ndi dzina la labotale zili pomwepo.